Ndasiya Mandazi, Ndayamba Zigumu

Achemwali a Nasrin,

Salaamu aleikum. Muli bwanji ku Durban? Kuno ku Area 1 tili bwino.

Nkhondo ya ku Ukraine ija yafika mpaka m'chiwaya changa. Tirigu akubwera wochepa, fulawa wakwera mtengo, mafuta ophikira ndiye osanena. Mandazi ndasiya. Pano ndikuphika zigumu za mgaiwa ndi nthochi, ndipo makondakitala a kudepoti amamaliza beseni lonse isanakwane teni koloko. Wina anati, "Mayi, izi ndiye zokhalitsa m'mimba, mandazi aja inali mphepo!"

Alamu anu a Bwanali akumaswera pakhomo masiku ano, kubekale kwawo kuja azimitsa mauvuni ena a buledi, ndiye ntchito yachepa. Amandikolezera makala m'mawa, tikumaseka ngati kale. Zinazo tidzakamba mukadzabwera. Amayi musawauze kaye za ntchito ya alamu anuyi.

Ndine mng'ono wanu,
Tausi