Kumene Injini Imagona

Lolemba, 12 Ogasiti

Tsiku langa. Injini sinabwere.

Kuno ku Kayar palibe chobisika. Kumene ngolo ya kavalo yatula injini ya bwato madzulo, mwini wakenso ali komweko. Masiku awiri kwa ine, awiri kwa Yacine: tinagwirizana choncho amuna anga a Madické atamukwatira. Lero tsiku lachitatu ili kwa iye. Mpunga wa nsomba ndagawira aneba.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndikusefa petulo wa bambo amenewa. Nsalu pakamwa pa thanki, kuthira pang'onopang'ono. Kutsuka sefa. Kumasula kabawuti ka pansi pa kabuleta kuti madzi atuluke, kupemerera tibowo mpaka milomo kuchita dzanzi. Manja angawa sopo adawalephera kalekale. Yacine amanunkhira lubani.

Kumsika Mame Penda wogulitsa makala, anthu ali tcheru: "Rokhaya, kavalo uja waiwala njira ya kwanu?" Ndaseka nawo. Nsanje ndili nayo, ndibisirenji pano. Petulo wakweranso. Mvula tsiku lonse.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Ndapita kwa Yacine, ati kukabwereka mtondo. Ndili nayo iwiri.

"Achemwali, khalani, tiyi wapsa kale." Ulemu wakewo ndi umene umandiwawa. Akadakhala wamwano bwenzi ndikugona tulo.

Injini pakhonde, yofunditsidwa nsalu yatsopano yamaluwa. Chigubu cha petulo panja, pomwe malata amagwetsera madzi, chivindikiro chopotoka. Mvula yonse ya dzulo ija. Ndinachipendeketsa ndi phazi iye atalowa m'nyumba. Pansi pake madzi, oonekeratu.

Ndinaona. Ndinamwa tiyi, ndinasenza mtondo.

Injiniyo izime pagombe pomwe, anthu akuonerera. A Madické akoke chingwe mpaka phewa liwawe, ndiye akumbuke kuti kuli Rokhaya.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Sinazime. Kukoka kamodzi, yalira, awoloka mafunde.

Anyamuka ndi petulo wabwino wotsala m'thanki. Wa m'chigubu uja akathira ali kutali, kosaoneka mtunda. Ine wodziwa zonse, chimenechi sindinachiganize.

Amuna asanu ndi mmodzi m'bwatomo. Mabwato ena onse abwerera kumtunda dzuwa lisanapendeke. Lawo ayi.

Loweruka, 17 Ogasiti

Dzulo dzanja linakana kulemba.

Pamchenga kuyambira m'mawa, ine ndi Yacine, mkeka umodzi. Wandigwira dzanja osalisiya. Ali ndi pakati, wandiuza yekha. Amasanza m'mawa uliwonse, n'chifukwa chake bambo samamusiya. Ngakhale pamenepo, Mulungu andikhululukire, mtima unandilasa.

Mame Penda chapafupi, korona m'manja. Mwana wake Daouda ali m'bwato lomwelo. Nthabwala zatha.

Kawiri ndatsegula pakamwa kuti ndinene za chigubu. Kawiri ndatseka.

Lamlungu, 18 Ogasiti

Abwera, chokokedwa ndi bwato la asodzi a kudoko lina. Onse amoyo. Milomo yong'ambikang'ambika, maso olowa. Ndinagwada pamchenga.

Madzulo ngolo yaima pakhomo panga. Injini, thanki, payipi, zigubu zonse. Aneba m'mipanda kusuzumira. Ndinasintha mpango msangamsanga, wobiriwira uja amaukonda.

A Madické pambuyo, wapansi. Mpando anaukana. "Madzi okhaokha m'kabuleta, Rokhaya. Tinayesa zonse. Ukadakhala iwe ukadaona, diso lako siliphonya. Kuyambira lero injini izigona kuno, tsiku lililonse."

Ndinayang'ana pansi. Ndinafunsa ngati ndiwatenthetsere madzi osamba.

"Usavutike. Mnzako uja sanadye masiku atatu, akuti mlandu ndi wake. Ndikakhale naye mpaka mtima ukhale pansi."

Ndawaperekeza ndi maso mpaka akhota pa mzikiti. Madzi ndinali nditatereka kale.

Ndayamba ndi sefa.