Makina Anakwera, Zovala Zinatsala

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, iwe ndi mpongozi wanga ndi adzukulu angawo. Kodi chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Kuno tikudzuka. Bondo langa ndi lomwe lija, limayamba kudandaula mitambo ikangosonkhana, koma ndikuyenda.

Akundilembera ndi aphunzitsi opuma aja a kuseri kwathu. Ndawauza kuti alembe monga ndikunenera, asathiremo mchere wawo. Ndasankha pepala dala. Pafoni umandidula mawu, umati mayi ndamva, usanamve. Pepala sungalidule.

Kwa mlongo wako ndinapita, ndabwerako sabata yatha. Zikomo chifukwa cha tikiti. Tsopano khala pansi, pali zimene sindinakuuze.

Makina anga osokera ndinapita nawo.

Ndikudziwa kuti unandiletsa. Unati ndi chitsulo cholemera, ndege ili ndi malire a makilo, ndipo ukadzapeza mpata udzamugulira amagetsi. Iwe ndege umakwera ngati minibasi, malamulo ake umawadziwa, sindikutsutsa. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwana wanga. Chitsekereni fakitale imene mlongo wako ankagwira ija, mwamuna wake n'kumusiyanso, iye ankangokhala m'nyumba makatani ali otseka. Ndalama zimene unkamutumizira ankadya, inde, koma pafoni ndinkamva mawu a munthu amene wasiya kupesa tsitsi. Ine maso anga saonanso bowo la singano. Makina ankangogona pakona, pamene mwana amene anaphunzirira pa makina omwewo akufota.

Tsono ndinamasula mutu wa makinawo, ndinaukulunga m'bulangete, n'kuuika pakati pa sutikesi yaikulu ya malemu bambo ako. M'mbali ndinatsenderamo zovala zanga, nsapato, sizasi yanga yaikulu, ulusi, ndi nsalu zimene ndinkasunga m'kabati.

Usaganize kuti ndinangonyamuka osayeza. Ndinaikweza pa wilibala mpaka kwa bambo uja wogula zitsulo zakutha. Anaikoleka pa sikelo yake, n'kundiuza kuti sinafike n'komwe pa makilo amene unanena aja, ndikhoza kuwonjezera. Ndinawonjezeradi simbi. Sindinaganize kuti sikelo ya munthu wogula imapepukitsa katundu. Zaka zonsezi takhala tikumugulitsa mapoto obooka, ndi njinga ya bambo ako yomwe, tikumuthokozanso.

Ndinatenganso khadi lako la ndege, lagolide lija unasiya m'dirowa. Unandiuzapo kuti limakupatsa makilo owonjezera. Ndinati ndalama za mwana ndimadya, makilo a mwana angandikanize ndani?

Ku bwalo la ndege anandiperekeza bambo ako aang'ono pa galimoto yawo. Mzere unali wautali, wokhotakhota pakati pa zingwe. Titafika kutsogolo, iwo anakweza sutikesi pa sikelo, msana n'kulira. Manambala ofiira anathamanga, kenaka n'kuima. Mtsikana wa pakauntala anayang'ana manambalawo, anayang'ana ine, n'kufunsa mwaulemu ngati m'katimo muli injini ya galimoto.

Anati ndapitirira kwambiri, ndiyenera kulipira. Atatchula mtengo wake, bambo ako aang'ono anavula chipewa.

Ine osatekeseka. Ndinatulutsa khadi lija n'kuliika pakauntala pang'onopang'ono, kuti a pambuyo panga alione bwino. Mtsikanayo analitembenuza, anawerenga dzina, n'kundiuza kuti makilo a khadili amayenda ndi mwini wake yekha, ndiponso linatha kale ntchito. Ndinamuuza kuti mwini wakeyo ndinamunyamula ine, m'mimba ndi kumsana, ndipo palibe amene anandiyeza pasikelo. Anaseka mpaka kugwira pakamwa. Anati amayi, zikanakhala kwa ine mukanadutsa, koma kompyuta iyi ilibe mayi.

Bambo ako aang'ono anatulutsa foni kuti akuimbire ulipire. Ndinawagwira dzanja. Ndinati mwanayo anandiletsa, ndiye lero ndimuimbire ndikulira pamzere? Iwo anati basi alamu, chitsulochi ndibwerere nacho, mudzapita nacho ulendo wina. Ulendo wina uti, pa msinkhu wangawu?

Ndinafunsa mtsikanayo ngati ndege imadana ndi chitsulo kapena ndi kulemera. Anati kulemera basi. Ndinati chabwino, thandizani enawa, ndikubwera.

Ndinakokera sutikesi pambali, ndinagwada ndi bondo langa lomweli, n'kuitsegula. Simbi inatuluka koyamba. Kenaka nsapato za kutchalitchi, juzi, thaulo, madiresi onse. M'chikwama cha m'manja munalibe malo, munali mutadzaza mankhwala anga ndi timphatso ta ana a mlongo wako, ndipo nachonso anali atachiyeza. Bambo wina wa tayi, wooneka kuti amakwera kawirikawiri ngati iwe, anandilangiza kuti ndivale madiresi onse pamodzi, akuti ambiri amatero. Ndinamuthokoza, koma ndinamuuza kuti ndege yanga yoyamba sindingakwere ndikuoneka ngati belo la kaunjika.

Tinabwerera pa sikelo. Inakanabe. Ndinachotsa bulangete, makina n'kuwakulunga ndi nsalu zosokera zija. Inakanabe pang'ono. Ndiye panatsala zamkati.

Thumba tinalibe, choncho zonse ndinkazisanjika m'manja mwa bambo ako aang'ono. Munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, ataima pakati pa anthu atafungata mapitikoti anga mpaka m'chibwano. Anandinong'oneza kuti alamu, ndikakafika nazo izi kunyumba, mkazi wanga ndikamuuza kuti ndikuchokera kuti? Ndinati mukamuuze kuti mukuchokera ku ntchito ya Mulungu.

Ulendo uno manambala anaima pamalo pake. Mtsikana uja anamata kapepala pa chogwirira, anadina batani, sutikesi n'kumapita yokha pa lamba mpaka kulowa kuseri kwa khoma. A pamzere ena anawomba m'manja. Ine sindinacheuke. Ndinakonza mpango wanga, n'kuyenda ngati munthu amene amachita zimenezi mwezi uliwonse.

Nditafika, mlongo wako anatsegula sutikesi kuti andiikire zovala m'kabati. Anavundukula nsalu, n'kukhala pansi pomwepo. Anaika dzanja pa gudumu n'kulipukusa, makina n'kulira monga ankalirira iye ali kamwana, akugona kumapazi kwanga ine ndikusoka. Kenaka anapita ku bafa, anakhalitsako.

Atatuluka anandifunsa kuti nanga zovala zanu zili kuti, mayi. Ndinamuuza kuti ndi izi ndavalazi, ndipo mawa ndilibe chosintha. Anayesa kundibwereka zake, koma ukudziwa, iye ndi bango, ine ndine mtondo. Diresi lake linathera m'mapewa. Ana anaseka mpaka kugubuduka. Iyenso anaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, n'kunena kuti mayi mwachita dala. Sindinachite dala, koma sindinamutsutse.

M'mawa anandiyeza ndi tepi. Anatsegula makatani yekha, poti singano imafuna kuwala. Pofika madzulo ndinali nditavala diresi lobiriwira la manja aatali, msoko wake wowongoka kuposa wanga, ngakhale izi sindinamuuze.

Tsiku lotsatira ndinapita nalo kugolosale, kuyenda pang'onopang'ono. Aliyense amene analiyang'ana ndinamuuza amene wasoka ndi nambala ya nyumba. Amene sanaliyang'ane ndinamuuzanso. Mayi wa nyumba yoyandikana anabwera ndi nsalu yake. Kenaka anabwera mwini wa sukulu ya mkaka ya pamsewu wawo, kufuna mayunifolomu. Pamene ndimachoka, mpando wa pabalaza sunkakhalikanso, unali utadzaza nsalu za anthu. Mlongo wako wayamba kukalipira ana kuti asagwire ulusi wake, ndipo tsitsi analuka.

Pobwera sutikesi inali yopepuka, madiresi atsopano okhaokha. Wogula zitsulo uja ndinamupeza anthu ali pamzere ndi mabeseni awo, ndinamuuza kuti sikelo yake ndinakaiyesa ku bwalo la ndege. Mpaka lero akandiona amawerama ngati wataya kanthu.

Tsono pempho langa ndi ili, ndipo ulimve bwino.

Mlongo wako akupukusa makinawo ndi dzanja, atawaika pa thebulo lodyera. Mayunifolomu ndi ambiri, phewa layamba kumutupa. Miyendo yachitsulo ya makinawo, ya chopondera ija, inatsala kuno kuseri kwa chitseko. Unati mwezi wamawa udutsa kuno pa ntchito, kenaka upita kumbali kwawoko. Khadi lako latsopano lidzakhala ndi mwini wake pomwepo, kompyuta sidzakhala ndi chonena. Bambo ako aang'ono amasula kale mabawuti, zonse tazimanga bwino ndi makatoni.

Usatumize ndalama m'malo mwake. Usagule amagetsi. Unyamule wekha, ukamupatse m'manja, ukhaleko ngakhale tsiku limodzi, udye naye. Amakusowa, koma sanganene.

Sikelo ikadzakana, masuti akowo udzawasiye ndi bambo ako aang'ono. Anazolowera.

Undiperekere moni kwa mpongozi wanga, umuuze kuti mafuta a bondo aja akuthandiza. Ana uwapsompsone, wamkuluyo alimbikire sukulu. Mulungu akusunge pansi ndi m'mwamba momwe umayendamo.

Ndine mayi ako,
amene ndakwerapo ndege.