Botolo linada, mwana wasiya kubwera kusukulu

Aphungu,

Sindine munthu wopempha nzeru m'nyuzipepala, koma apa zandikulira. Ndimaphunzitsa Bayoloje pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi kwa Mponda. Ndinene ndekha ena asanandinenere: digiri ndilibe. Ku yunivesite ndinalekera m'chaka chachitatu, ndipo zifukwa zake ndi zanga. Anzanga a madigiri amanditchula "wothandizira", koma ana akafuna kumvetsa amabwera kwa wothandizira yemweyo.

Chaka chatha bungwe lina linasiya pasukulu pano katoni ya mabotolo ang'onoang'ono oyezera madzi. M'botolo lililonse muli kapepala ka mankhwala. Ukathiramo madzi n'kutseka, pakapita masiku awiri amada bii ngati muli tizilombo tochokera m'chimbudzi. Katoniyo inatha miyezi isanu ndi itatu pansi pa tebulo, a madigiri aja akusanjikapo mapazi. Amene anaitukula ndine.

Ana athu amaloweza za kolera ngati nyimbo, koma akaweruka amamwa paliponse. Ndinkafuna aone ndi maso awo. Ndinauza a Folomu 4 kuti aliyense abweretse madzi amene amamwa kwawo, ndipo alembe pabotolo kumene amatunga. Mabotolo makumi atatu ndi anayi tinawandandalika pawindo la kalasi. Lachitatu m'mawa, khumi ndi limodzi anali atada. Kunena zoona, phunziro lokoma chotero sindinaphunzitsepo. Ngakhale ogona m'kalasi aja ankakanganirana pawindo, mafunso osatha mpaka belu.

Mwa akudawo, mabotolo khumi analembedwa "kunyanja", "ku Shire", "kudambo". Amenewo palibe anadabwa nawo. Lotsalalo linali la mtsikana amene ndimutchule kuti Shamima, ngakhale si dzina lake. Iye analemba monyadira, ndi zilembo zikuluzikulu: "Chitsime cha malemu a Mustapha." A Mustaphawo ndi bambo ake. Atamwalira zaka zitatu zapitazo, abale anakumba chitsimecho ngati sadaka, kuti aliyense akamwapo, malemuwo azilandira mphotho kwa Mulungu. Dzina lawo lili pasimenti. Mudzi wonse umatunga pamenepo, ndi a kumzikiti omwe. Ine kwathu ndi ku Chembe, ndinakulira kutchalitchi. Zoti chitsime chingakhale ngati chiliza cha munthu sindinkazidziwa.

Isanakwane nthawi yoweruka, anyamata anali atayamba kumuseka kuti kwawo amamwa za m'chimbudzi. Zimenezo anapirira. Kenaka wina ananena kuti sadaka ya bambo ake yakanidwa kumwamba, n'chifukwa chake madzi ada. Apo anasonkhanitsa mabuku ake n'kutuluka. Ino ndi sabata yachitatu osabwera kusukulu, ndipo akuti ngakhale kukatunga madzi sakupita. Mayeso a Folomu 4 atsala miyezi iwiri, ndipo pa Bayoloje palibe womuposa m'kalasi langa.

Amjomba ake, a Sulemani, anabwera kuofesi ya ahedi. Ananena kuti mwanayo samukakamiza kubwerera pokhapokha ine nditanena pamaso pa ana onse kuti mabotolowo ndi abodza. Ndinakana. Anandifunsa ngati ndikudziwa dzina lolembedwa pachitsimepo. Ine ndi pakamwa pangapa ndinati, "Tizilombo sitiwerenga mayina a pasimenti, bambo."

Sanakalipe. Anangoimirira n'kunena chapansipansi kuti, "Tamva kuti nanunso sukulu simunamalize, aphunzitsi. Ndiye mukufuna mwana wathu afanane nanu?"

Ahedi akuti ndipepese, ndinene kuti mankhwala a m'mabotolowo anali otha mphamvu, nkhani ithe. Sanali otha mphamvu, tsiku lake ndinaliwerenga pakatoni. A madigiri aja akungomwetulira, ankadikira zomwezi. Ndikanama, ana a m'mudzimo azimwabe madziwo, ndipo kalasi langa liphunzira kuti sayansi imasintha mjomba wa munthu akafika kuofesi. Ndikapanda kunama, desiki la Shamima likhalabe lopanda munthu, ndipo ndimalidutsa tsiku ndi tsiku. Nditani?

H. N., Mangochi

Aphunzitsi,

Munachita bwino kutukula katoni ija, ndipo kuwawa kwa mtima kumene kuli m'kalata yanu kukuonetsa kuti ana mumawakonda. Musaname. Pamenepo ahedi akulakwitsa. Koma kupepesa kokha mupepese, chifukwa cholakwa chilipo, ndipo sichili m'mankhwala.

Werenganinso kalata yanu. Munauza ana kuti abweretse madzi amene amamwa kwawo. Mtsikana wothamangira sukulu m'mawa sayamba wapita kuchitsime. Amatunga m'ndowa ya m'nyumba, ndi kapu imene aliyense amaviikamo pamodzi ndi zala zomwe. N'kutheka kuti munayeza ndowa n'kuweruza chitsime. Botolo ndi limodzi, tsiku ndi limodzi, ndipo potunga inu kunalibe. Zaka zitatu za ku yunivesite zikukwanirani kudziwa kuti umenewo si umboni. Mwina chitsimecho chilidi ndi vuto, mwina ayi. Pakali pano simukudziwa, ndipo kunena zimenezo pamaso pa kalasi si bodza.

Pitani kumudziko sabata yomwe ino, musadikire kuti akuitaneni. Musapite nokha, tengani mphunzitsi wamkazi amene banjalo limamulemekeza. Yambirani kwa a Sulemani, ndiwo mwini mbumba. Tsiku limenelo mabotolo asiyeni kusukulu. Pepesani pa zinthu ziwiri: kuika dzina la malemu pawindo, ndi mawu aja a tizilombo. Mawuwo ndi oona, koma munawanenera munthu amene anaika mlamu wake m'manda. Mukatha kupepesa tsekani pakamwa, mumve zonse zimene anene, ngakhale zikuwaweni.

Mitima ikatsika, pemphani kuti chitsimecho chiyezedwenso bwinobwino. Pakhale mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo. Atunge okha eni ake, mabotolo atatu pachitsime penipeni ndi limodzi m'ndowa, asunge kunyumba kwawo, ndipo zotsatira ayambe kuziona ndi iwowo. Ngati a pachitsime sada, mukalengeze m'kalasi mokweza monga mmene mbiri yoipa ija inamvekera. Ngati ada, ntchito ilipo: kuthira klorini, kumata simenti pamene yang'ambika, kuika chivundikiro, kuona ngati pali chimbudzi chimene chayandikira. Apa pemphani a Sulemani akuperekezeni kwa ashehe. Wokumba chitsime cha sadaka amafuna kuti anthu amwe madzi abwino, choncho kuchikonza ndi kupitiriza sadakayo. Zimenezi ana onyoza aja azimve kuchokera kwa ashehe, osati kwa inu.

Komanso mwaiwala mabanja khumi ena aja. Kunena kuti palibe anadabwa sikuyeretsa madzi awo. Onse auzidwe mwakachetechete kuti aziphitsa madzi akumwa kapena kuthira klorini, kuyambira lero.

Funso la a Sulemani linakulasani chifukwa kuwawa kosiya sukulu pakati mukukudziwa kuposa aliyense pasukulupo. Lekani kuyang'ana nkhope za a madigiri, olemba mayeso si iwo. Kudzera mwa mphunzitsi wamkazi uja, mutumizireni Shamima zonse zimene anzake aphunzira m'masabata atatuwa, kuti aone kuti malo ake akusungidwa.

Chenjezo langa ndi ili: phunzirolo musalisiye, koma pabotolo la mwana muzilemba nambala, dzina likhale m'kabuku kanu. Ndipo pa mabotolo makumi atatu ndi anayi aja sindinamvepo za lanu. Tsiku limene Shamima abwerere, tungani m'ndowa ya kunyumba kwanu, lembanipo dzina lanu ndi zilembo zikuluzikulu, muliike pawindo iye akuona. Likada, musalichotse.

Aphungu