Mlandu wa Tonde wa Narciso

Vila Cabral,
14 Junho 1957

Okondedwa achemwali Noémia,

Kuno kuzizira kwafika, milomo yang'ambika, ndiye musadabwe kuti kalatayi ilibe phwete.

Mwezi watha Laurinda, mwana wa malemu mng'ono wanu, akuchokera kokumba mbatatesi, anagwiriridwa ndi Narciso, sipayo, wapolisi uja amalondera pa geti la boma. Ndalemba mosazungulira chifukwa kuno aliyense akuzungulira.

Amuna a ku Lulimile anasonkhana kwa alamu Bartolomeu, bambo ake, nandiitana ine malume wake, poti ndinakadya mabuku a malamulo ku Coimbra. A Masudi, amene amafula mbuzi za mudzi wonse, anabwera ndi mpeni wawo wonolanola.

"Adotolo, lamulo likuti bwanji? Timufule?"

Ndinayankha kuti m'maiko ena a ku Ulaya amaterodi, koma amachita ndi madokotala ovala zoyera, n'kumati ndi mankhwala.

"Ndiye mundibwereke malaya oyera," anatero a Masudi.

Tinatsutsana mpaka fodya kutha. Ena ankati tambala wotere ngwa mpeni basi, ena ankati wofulidwa amakula nkhanza. Ine ndinalankhula Chilatini pang'ono, anthu n'kugwedeza mitu. Pomaliza wina anakumbutsa kuti zimene tikufuna kudulazo zili m'kabudula wa boma.

Alamu anadzuka osatsazika. Anakapeza tonde wa Narciso akudya msipu kuseri kwa msika, tonde wonyadira uja amabwereketsa kwa oweta, namufula dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona.

Achemwali, sindinaonepo chilungamo chikuthamanga chotere. Mlandu wa Laurinda anati mboni palibe. Wa tonde, mboni zinachita kukanganirana pakhomo. Womasulira ndinali ine, ndipo Chipwitikizi changa anachiyamikira. Alamu anawamenya ndi mbalamatodya, thabwa lija lomenyera m'zikhatho, mpaka manja kutupa ngati maungu, pano ali ku chibalo, akukumba msewu wa ku Meponda.

Tsopano Narciso watuma nkhoswe. Akuti amukwatira Laurinda kuti nkhani ife, ndipo akuluakulu ena ayamba kunena kuti ndi mnyamata wa ntchito yake. Akufuna yankho chimanga chisanalowe m'nkhokwe. Ine kukana ndikana, koma mukudziwa kulemera kwa mawu anga: amawomberedwa m'manja, satsatidwa.

Chonde mutengeni akakhale nanu ku Limbe. Pali lole ya amwenye imene imapita ku Mandimba. Amuna anu a Eduardo atamudikira pamalirepo, zotsalazo ndikonza ine. Muyankhe msanga.

Mupereke moni kwa a Eduardo ndi ana. Ndinafunsa Laurinda ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Anati, "Amalume, muwafunse amayi aakulu ngati kwawoko munthu angapite kotunga madzi osadutsa pa geti."

Ndine mlongo wanu,
Agostinho