Jekete ya Bambo Isafike kwa Telala

Whitmore Reans,
Wolverhampton,
14 Okutobala 2024

Achimwene a Jairos,

Ndiyambe ndi moni, poti amayi anatilera kuti ngakhale munthu wakupondera mbewu umayamba wamulonjera. Muli bwanji kumeneko ku Mponela? Nanga amayi, miyendo ija ikuwapatsako mpata? Alamu anga a Dorica ndi ana ali bwanji ndi kutentha kwa mwezi uno? Ine kuno thupi lili bwino. Za mtima musafunse, mumva pansipa.

Ndalemba papepala dala. Ndikaimba foni timacheza bwinobwino za feteleza ndi za sukulu ya ana, koma ndikangotchula jekete netiweki yanu imadwala nthawi yomweyo. Pepala silidukaduka. Kalatayi ndapatsira a Janet, anesi a kumpingo kwathu amene amagwira ntchito kuchipatala cha ku Edgbaston. Akutera ku Lilongwe Lachinayi, ndipo popita kwawo ku Kasungu aima pa Mponela kuti akupatseni pamanja, pamodzi ndi chikwama chobiriwira. Chikwamacho musatsegule musanamalize kuwerenga.

Za kuno ndi zomwe zija. Kwayamba kuzizira, ndipo mvula yake ndi yopanda ulemu, yosagwa yosakata. Ndimayenda nyumba ndi nyumba kusambitsa ndi kudyetsa agogo a eni ake, mabasi awiri kupita, awiri kubwera. Lachisanu agogo ena anandigenda ndi supuni ati phala ndaliziziritsa, pomwe analisiya okha n'kumaonera TV. Ndinatola supuniyo, ndinaitsuka, ndinamwetulira. Zotere ndimapirira chifukwa ndi anthu odwala ndipo si abale anga.

Tsopano nkhani yanga ndi inu. Bambo atatisiya mu Meyi sindinabwere. Mukudziwa kuti ndinali ndisanathe miyezi itatu pantchito yatsopanoyi, ndipo viza yanga yamangiriridwa pa abwana omwewo. Maliro a bambo anga ndinaonera pafoni, nditakhala pasitepe ya nyumba ya munthu wina, yunifomu ili m'thupi. Sindinapemphe munda, sindinapemphe wailesi kapena njinga. Ndinapempha chinthu chimodzi chokha, jekete yachikopa yakuda ija ankavala pa njinga yamoto masiku ali mlangizi. Munandiuza kuti ndisadandaule, tsiku logawa zovala mudzaimirira pamaso pa akuluakulu n'kunena kuti iyi ndi ya Vailet. Patatha sabata munanditsimikizira kuti mwaipinda bwino, ili mu sutikesi ya amayi pansi pa zitenje.

Lamlungu la sabata yatha ndatsegula foni, ndangoona vidiyo ya Kondi, msuweni wathu wa kwa azakhali. Ali pasiteji ya kabaza, wakhala pa njinga yake, akuvina ndi mapewa, anzake akumuimbira m'manja. M'thupi muli jekete ya bambo, pamwamba pake waphatikizapo kavesiti kachikasu konyezimira kaja. Ndinabwereza vidiyoyo kasanu kufuna kuti maso anga akhale onama. Koma chigongono chakumanzere chinaoneka, paja anang'ambira atagwa pa mlatho wamatabwa nthawi ya dzinja, amayi n'kusokapo ndi ulusi wosokera matumba a chimanga. Kodi sutikesi ya amayi inamera matayala, achimwene?

Ndinamuimbira Kondi. Iye netiweki yake ndi yathanzi. Anayamba ndi zachisuweni zake, ati mkazi wake wa ku Ulaya wamukumbukira lero, ati ndimutumizire tikiti adzandithandize kusambitsa azungu. Ndinamuuza kuti mwamuna wonunkha petulo ndilibe naye ntchito, andiuze za jekete. Anafotokoza zonse akuseka, poti iye sakudziwa kuti pali mlandu. Ati azakhali anaiviika m'beseni pamodzi ndi malaya ndi mabulangete a malemu, sopo wambiri, n'kuiyanika pa udzu masiku awiri dzuwa lili phwee. Itauma inachita gwa ngati chikopa cha pang'oma. Iye pofuna kuifewetsa anaipaka mafuta ophikira, kenako polishi ya nsapato. Ati tsiku logawa azakhali anamuveka okha pamapewa, inu muli pampando pomwepo, suti ndi nsapato za bambo zili pamiyendo panu, pakamwa muli chete.

Chomwe chandilembetsa kalata ndi ichi. Kondi akuti kumapeto kwa mwezi uno apita nayo kwa telala wa pamsika. Akuti zipi ikumalimba, aichotse aikepo yapulasitiki. Nsalu yofiira yam'kati akuti ikumuwotcha, aimatule yonse. Kansalu kolembedwa ka pakhosi akuti kakumukanda, akadule. Zinthu zitatu zimenezo ndiye jeketeyo. Akazichotsa chotsala ndi chikopa chabe, choti mungathe kuyala pansi n'kukhalapo.

Ndikudziwa kuti mumandiseka. Alamu anandiuza kuti mumati Vailet anakwera ndege kukatola kaunjika. Ndiye ndikufotokozereni, mwina museka mukudziwa chomwe mukuseka.

Chaka changa choyamba kuno ndinapita kumsika wina wa Lamlungu m'mawa cha ku Walsall, komwe azungu amagulitsira katundu wakale kumbuyo kwa magalimoto awo. Ndinkafuna mapoto. Ndikudutsa pa tebulo lina ndinamva fungo la chikopa chosakanikirana ndi oyilo wa injini, ndipo ndinaima ngati wina wandiitana dzina. Linali fungo la bambo akamafika madzulo, ife tikulimbirana kuwalandira chipewa. Mwini tebuloyo ndi mkulu wina dzina lake a Osborne, wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu, amene unyamata wake wonse anathera pa njinga zamoto mpaka zinamuthyola chiuno. Ataona ndikununkhiza jekete m'malo moyang'ana mtengo anaseka, n'kunena kuti ndine kasitomala woyamba wanzeru tsiku limenelo. Kuyambira apo ndikakhala kuti sindili pa shifiti ndimapita kukaima nawo, iwo n'kumandiphunzitsa. Pano ndili ndi majekete anayi m'kachipinda kanga, onse akale kuposa ine, ndipo iliyonse ndikhoza kukuuzani zaka zake.

Jekete yakale siidziwika ndi kunyezimira. Umayamba ndi zipi. Zakale ndi zachitsulo, zolemera, mano akuluakulu, ndipo pokokera pamakhala katcheni kuti munthu atsegule atavala magolovesi. Ukatero umatembenuza kolala n'kuona kansalu ka dzina, ngati zilembo zake ndi zoluka ndi ulusi kapena zongodinda. Kenako nsalu yam'kati ndi misoko yake. Chikopa umachinyamula m'manja, cha hatchi chimalemera ndipo chimapindika mafundemafunde, pomwe chabodza chimasupuka ngati khungu la njoka. Ngakhale makwinya amalankhula. A Osborne amangoyang'ana m'zigongono n'kudziwa ngati mwini wake ankayendetsadi njinga kapena ankangopita nayo kumowa. Iwo amati jekete yochotsedwa zipi ndi dzina ili ngati munthu wotoledwa pamsewu wopanda chiphaso, palibe angadziwe kwawo.

Ndinamunyengerera Kondi mpaka ananditumizira zithunzi za zipi, kolala ndi m'kati. Dzulo ndakawaonetsa a Osborne. Anavala magalasi, n'kukulitsa chithunzi ndi zala. Kenako anati jekete imeneyi inasokedwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 ku Birmingham, mzinda woyandikana ndi uno, m'kashopu kena kamene kanatsekedwa ine ndisanabadwe. Anati jekete yawo yoyamba anagula komweko ndi malipiro awo oyamba, ndipo pazaka zonse agulitsa majekete aonako atatu okha a mtundu umenewu. Msewu womwe kunali shopuyo ndimadutsamo pa basi ndikamapita kutchalitchi. Mukukumbukira bambo ankati anaipeza kwa mzungu wa ku esiteti amene ankabwerera kwawo? Zaka zonse zija ankazungulira midzi ya ku Dowa dzina la mzinda umenewu lili pakhosi pawo, osadziwa kuti mwana wawo adzathera kuno. Ndinafuna nditawaimbira n'kuwauza. Akanaseka mpaka kutsokomola.

Kenako a Osborne anaona polishi ija. Mawu omwe ananena sindilemba, mwina kalatayi muwerengera amayi. Koma za ulusi wa matumba pachigongono anati aliyense wouchotsa adulidwe zala, chifukwa pamenepo ndiye pali mbiri ya mwini wake.

Musaganize kuti ndikufuna kukaigulitsa. Ndikudziwa kuti mukamva zoti ndi yosowa, makutu aima. Sikupita pa tebulo la munthu aliyense.

Za kuchapa sindikulimbana ndi azakhali. Zovala za malemu zimachapidwa zisanagawidwe, ndi mwambo wathu, ndipo iwo sakanadziwa kuti chikopa sichimwa sopo. Kondi nayenso ndilibe naye mawu, anapatsidwa n'kulandira, mutu wake ndi womwe uja. Koma inu munapita kusukulu, foni munali nayo m'thumba. Mukanandifunsa ndikanakuuzani kuti muipukute ndi kansalu konyowa, mwambo ukanakwanira. Mukanandiuzanso zoona kuti mlongo wanga, azakhali andiposa mphamvu, ndinachita mantha, ndikanakalipa tsiku limodzi n'kuiwala. Inu munasankha bodza, n'kumalithirira miyezi isanu. Mwezi wa Ogasiti munandipatsa amayi pafoni yanu, ine n'kuwauza kuti asamale chomwe chili mu sutikesi, azichitulutsako kuti chipitidwe mphepo. Anangoti eya mwanangu, mawu ali ozizira. Lero ndazindikira kuti ankaganiza kuti chisoni chandisokoneza mutu. Inu munali chiimire pambali pawo, mukumva. Munandisandutsa wamisala pamaso pa mayi anga kuti musachite manyazi.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye ndatsekula ndine. M'chikwama chobiriwiracho muli juzi ya azakhali ndi jekete imodzi mwa anayi anga aja, yomwe ndimaikonda kuposa onse. Ndi yachikopa chenicheni, yolimba, zipi yake imayenda ngati madzi. Ndinaifunafuna miyezi isanu ndi iwiri, ndipo poiika m'chikwama manja amakana. Imeneyo ndi ya Kondi. Sindikufuna kuti akagwa asupuke khungu chifukwa cha ine, komanso sindikufuna kumveke kuti Vailet walanda chomwe akuluakulu anagawa. Achite nayo zomwe akufuna, kaya aikazinga m'mafuta ophikira, bola asanditumizire vidiyo.

Pempho langa ndi limodzi. Muyambe mwapita kwa azakhali, ndi miyendo yanu osati pafoni, mukawapatse juziyo n'kuwafotokozera kuti munandilonjeza ndipo simunanene. Mukatero mupite kwa Kondi mwezi usanathe, mukasinthanitse. Akavuta muuzeni kuti zipi yolimba imangofuna kupakidwa kandulo, koma kandulonso asapake, aisiye momwe ilili. Mukailandira musaichape, musaipake chilichonse, musaisite, musaiike mu jumbo chifukwa ichita nkhungu. Muikulunge m'chitenje chakale cha amayi. A Janet adzadutsanso pa Mponela pa 8 Novembala, mudzawapatse pamanja. Ngati mupeza kuti telala wayamba kale ntchito, mugwade pansi pa makina ake, mutole zipi, kansalu ka pakhosi ndi kachidutswa kalikonse kofiira, muike mu envelopu. Musadzandiuze kuti zinasesedwa.

Ndipo amayi muwauze nokha za sutikesi yawo. Musadikire kuti ndiwauze ine, chifukwa ine ndikafotokoza sindisiya kanthu.

Mavesi a kukhululuka musanditumizire, Baibulo ndili nalo kuno. Ndikudziwa kuti chibale ndi fupa, sichiola, koma fupa limathyoka, ndipo likathyoka silipola tsiku limodzi. Foni yanu sindiyankha mpaka a Janet adzandipatse mtolowo. Pakakhala za matenda a amayi, aimbe alamu.

Chinthu china sindinauzepo munthu. Ine maliro a bambo sindinalire. Inu munagwira bokosi, munaponya dothi, munagona pa mphasa ndi abale mpaka misozi inatha. Ine foni itazima ndinapukuta kumaso n'kulowa kukasintha mzungu zofunda. Kuyambira tsiku limenelo misozi sinatuluke. Munthu sungalire foni. Ndikufuna chinthu choti ndichigwire ndi manja awiri, ndibisemo nkhope, ndiyambe kulira bambo anga ngati mwana wawo. Mwandichedwetsa miyezi isanu. Musandichedwetsenso.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mutu wanga uli bwinobwino. Moni kwa alamu anga, amene amandiuza zoona ngakhale zowawa. Moni kwa ana, Lusayo alimbikire masamu. Moni kwa azakhali ndi kwa amalume. Kwa Kondi muti mkazi wake wa ku Ulaya akuti avale chipewa pa njinga, mutuwo ngakhale uli wopanda kanthu timaufunabe.

Ndine mlongo wanu, wobadwa nanu mimba imodzi, wokwiya,

Vailet