Peyala ndi la Anthu Awiri

Lolemba, 9 Malichi

Okondedwa a Namwino,

Usakwinye nkhope, ndikudziwa kuti sunamalize sukulu, koma ine ndinayamba kale kukutchula choncho. Aliyense wokhala pampando wanga wometera amatuluka akudziwa kuti mwana wanga akuphunzira unamwino, afune asafune. Uli bwanji kumeneko? Ine kuno ndili bwino, mapiritsi ndikumwa, ndipo chizungulire chija sichinabwerenso.

Udabwa kulandira kalata chonsecho dzulo lomweli tinalankhulana pa foni. Vuto la foni ndi loti iwe umamvetsera kapumidwe ka munthu m'malo momvetsera zimene akunena. Ndikangotsokomola pang'ono, wayamba kale kundiyeza. Ndiye poti Lolemba anthu sabwera kwenikweni kudzametetsa, ndatenga pepala kuti ndilankhule mpaka kumaliza popanda wondidula pakamwa.

Wanena kuti kumapeto kwa mwezi uno usiya sukulu ubwere kudzandisamalira, mayeso udzalemba chaka china. Dzulo ndinakana, lero ndikukananso. Poti zonsezi zayamba chifukwa cha mbale imodzi imene unaiona pachithunzi, ndilole ndikufotokozere za mbaleyo kuchokera pachiyambi.

Ukukumbukira tsiku lija ndinagwa kushopu mashini ali m'manja, mutu wa aphunzitsi aja nditaumeta mbali imodzi yokha? Mpaka lero akabwera amayamba afunsa ngati ndadya asanakhale pampando. Adokotala anati vuto linali kumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi m'mimba mulibe kanthu. Sananame, chifukwa chimwalirireni amayi ako, m'mawa ndinkangomwa madzi n'kutuluka. Iwe utabwera kudzandiona unandiimika kukhitchini ngati mwana wasukulu.

"Ababa, ichi ngakhale inuyo simungachilephere," unatero. "Wotchani buledi pachiwaya, osathira mafuta. Phwanyani peyala ndi foloko, kamchere pang'ono, madontho a ndimu, kenako pakani. Madzi a tiyi asanawire mukhala mutamaliza."

Ndipo unasiya lamulo lako lija, loti m'mawa uliwonse ndizikutumizira chithunzi ndisanalume.

Za masiku oyambirira sindinakuuze zonse. Buledi ndinapsereza mpaka amayi a khomo loyandikana nafe anagogoda kudzafunsa ngati kwabuka moto. Mapeyala ndinagula mulu wonse, olimba ngati miyala. Ndinadikira, ndinadikira, kenako onse anapangana kupsa tsiku limodzi, ambiri n'kuola ndikuwaona. Anandipulumutsa ndi mayi uja wogulitsa zipatso pakona, pafupi ndi pokwerera basi. Iye sagulitsa mwachisawawa ayi. Amatenga peyala lililonse, kulidina pang'ono kumutu ndi chala chachikulu, n'kunena kuti, "Ili ndi la lero, ili la mawa, ili la mkuja." Amawasanja m'thumba motsatana, la lero pamwamba, ndipo sanandilakwitsepo.

Koma chimene iwe sunandiphunzitse, mwana wanga, ndi choti peyala ndi la anthu awiri. Ukalidula limagawika pakati, theka lina lopanda kanthu, lina lokhala ndi njere. Mwina sunkalabadira, koma amayi ako nthawi zonse ankatenga la njere. Ankati ine ndikhoza kudzicheka pochotsa, ine munthu wogwira lumo kuyambira m'mawa mpaka madzulo! Ankaikolowola ndi supuni, n'kunyambita supuniyo akundiyang'ana ngati munthu amene wapambana mlandu.

Utabwerera kusukulu, ndinadya theka langa, la njere lija n'kutsala patebulo. Pobwera madzulo ndinalipeza litada, ndinataya. Mawa lake chimodzimodzi. Kuti ndidye lonse, mimba yanga ndi yaing'ono, komanso ndinene zoona, dzanja linkakana kulitenga. Ndiye m'mawa wina ndinangozindikira ndawotcha zidutswa ziwiri za buledi, ndatulutsa mbale ziwiri. Yachiwiriyo ndinaiika mbali ya kuwindo, pamalo pawo paja.

Sindinapenge ayi. Ndikudziwa bwino kumene tinakawasiya amayi ako, ndinalipo. Kungoti kuyambira tsiku limenelo chakudya chinayamba kutsika bwino. Ndinkadya ndikuwauza za dzulo lake, za mnyamata amene anabwera ndi chithunzi cha wosewera mpira kuti ndimumete chimodzimodzi chonsecho mutu wake ndi wina, za lendi, za iwe. Ndikamaliza, buledi wawoyo ndinkamukulunga kukapatsa mlonda wa pasitolo yoyandikana ndi shopu yanga, amene amaweruka nthawi imene ine ndikutsegula. Palibe chinkatayika. Pojambula ndinkakankhira mbale yachiwiriyo pambali, koma Lachinayi lija ndinaiwala, mlomo wake unalowa m'chithunzi, ndipo maso akowo saphonya kanthu.

"Ababa, mbale inayo ndi ya ndani?"

Ndinati ndi ya mlendo. Unaseka n'kunena kuti, "Mlendo wa m'mamawa chonchi? Kapena ndikonzekere kulandira amayi atsopano?" Nanenso ndinaseka, ndikuganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Osadziwa kuti uimbira azakhali ako, wailesi ya banja lathu ija, amene anakuuza kuti m'nyumba muno simulowa munthu, ndipo mchimwene wawo wayamba kudyetsa mpando. Ndikakumana nawo tikambirana.

Koma zoti simulowa munthu ndi zoona. Ndikusungulumwa, mwana wanga. Ndalemba ndi dzanja langa, werenga kawiri ngati ukufuna. Masana sindimva kanthu, chifukwa kushopu kumakhala phokoso, uyu za mpira, uyu za mitengo ya zinthu, ine ndikulankhula mpaka kukhosi kuuma. Koma m'mawa nyumba ino imangoti zii, moti ndimamva firiji ikayamba kulira ndi pamene ikusiya. Ndikagwetsa supuni palibe wofunsa kuchipinda kuti chachitika n'chiyani. Chimenecho ndiye chimandipweteka kwambiri, ndipo sindikubisiranso.

Komabe amenewa si matenda oti ungawachize posiya sukulu. Tangoganiza, iwe wakhala pampando wa kuwindo uja, yunifolomu yako yoyera itapindidwa m'sutikesi pansi pa bedi, anzako akulemba mayeso. Ukuganiza kuti buledi ameneyo ndidzamumeza? Amayi ako ali gone m'chipatala ankauza anamwino onse kuti asamale, mwana wawo akubwera kudzawalanda ntchito. Ankanena ali ndi mapaipi m'mphuno, anamwinowo n'kumaseka. Tsono iwe ukufuna kuti ineyo ndikhale chifukwa choti mawu awo apite pachabe? Ndakana.

Dzulo titamaliza kulankhulana sindinathe kukhala m'nyumba. Ndinatuluka n'kupita kwa mayi wa zipatso uja, kukapempha mapeyala ang'onoang'ono oti munthu n'kumaliza nthawi imodzi.

"Ang'onoang'ono ndilibe, bambo," anatero, akundiikira m'thumba aakulu omwe aja. "Kodi kunyumba mumadya anthu angati?"

Funso limeneli palibe anali atandifunsapo. Anthu amafunsa kuti mukupeza bwanji, iwe n'kuyankha kuti bwino, basi. Thumba lili m'manja, ndinayankha kuti, "Ndimadya ndekha." Aka kanali koyamba kuti mawu amenewa atuluke pakamwa panga.

Mayi uja sanandimvere chisoni, ndipo ndikumuthokoza. Anangopisa dzanja m'thumba langa n'kubweza peyala limodzi pamulu. "Ndiye mumatengeranji ambiri chonchi? Theka la njerelo musamachotse njere. Finyiranipo ndimu, vundikirani ndi kambale, ikani m'firiji. Limenelo ndiye la mawa. Ine ndakhala ndikutero zaka zambiri." Ananena izi akupatsa kale nthochi munthu wina, osandiyang'ana.

Chithunzi cha lero m'mawa unachiona. Mbale ndi imodzi, ndipo palibe chimene ndinakankhira pambali. Sindikunamiza kuti zinali zophweka. Buledi ndinachita kutsitsira ndi tiyi, koma ndinamaliza mpaka nyenyeswa, n'kumwa piritsi langa. Mlonda uja anayang'ana m'manja mwanga kawiri, ndiye ndamulonjeza kuti mawa ndimutengera buledi ngakhale wosapaka. Theka la njere lili m'firiji, ndalisuzumira masana ano, silinade. Mawa ndidzalidya ndekha, njereyo ndidzachotsa ndi supuni.

Ndili ndi mapempho ochepa. Uzindiimbira m'mawa m'malo mwa madzulo, ngakhale kungoti mwadzuka bwanji uku ukuthamangira kukalasi. Madzulo ndimakhala nditatopa, sindivutika. Komanso undiuze ngati tsabola ndi wololedwa kwa munthu wa matenda angawa, chifukwa chakudya chakochi n'chabwino koma chilibe ukali. Azakhali ako usawaimbirenso za ine, uzifunsa mwini wakene, ndiziyankha zoona.

Undiperekere moni kwa mnzako wogona naye chipinda uja, amene amaseka ndikamalankhula pa foni mokweza. Amayi a khomo loyandikana akupereka moni, akuti utsi unasiya. Aphunzitsi aja akuti ulimbikire, adzafuna wowabaya jakisoni mosapweteka.

Mbale yachiwiri ija ndaitsuka, ndaipukuta, ndapempha amayi a khomo loyandikana aja aiika pamwamba penipeni m'kabati, poti ndingaifikire pokhapokha nditakwera pampando, ndipo ukudziwa kuti adokotala anandiletsa kukwera pamipando. Tsopano ndi yako. Udzaitsitsa wekha ukadzabwera mayeso utalemba. Ukabwera tsikulo lisanakwane, udzadyera m'manja uli chiimire. Koma ukadzabwera pa nthawi yake, ndidzapita pakona paja kukapempha la lero, lalikulu kuposa onse, ndipo mayi uja akadzafunsa kuti mumadya angati, ndidzamuyankha mokweza kuti onse apokwerera basi amve. Theka la njere lidzakhala lako.

Ndine bambo ako,
amene wadya kale lero.