Chitenje cha Nkhanga

Lolemba, 5 Ogasiti

Lero ndadula nsalu yeniyeni koyamba. Chiyambireni kuphunzira kwa a Mariya, atelala a pakhonde kumsika aja, ndimangosoka zigamba basi.

Ndikusokera Shakila chikwama. Mng'ono wangayu anyamuka Lamulungu la sabata yamawa kutsatira mwamuna wake ku Joni, ndipo sindifuna apite ndi jumbo ngati wothamangitsidwa. Nsalu ndatenga chitenje cha malemu amayi, cha buluu cha nkhanga chija. Chinali chikadali pamsomali kuseri kwa chitseko pomwe anachikoleka okha. Chikununkhirabe mafuta awo. Ndisaname, ndinayamba ndalira ndisanagwire sizasi.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Nkhanga za mbali imodzi zaima bwinobwino, za mbali inayo miyendo m'mwamba. A Mariya aseka mpaka kutsokomola. Akuti umayamba waona komwe nsalu ikuyang'ana, kenako choko, sizasi pamapeto. Ine ndinayambira kumapetoko. Ndadulanso mbali ina. Chidutswa chozondokacho ndaponya m'thumba la zigamba, kutaya ndalephera.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Zipi ndi mdani wanga. Ndikasoka ikukwinyika ngati usipa wouma, ndikamasula nsalu ikubooka. Singano nayo yandibaya. Shakila wafunsa za chala, ndati ndi minga ya chambo, wakhulupirira. Mwana uyu amakhulupirira chilichonse, kaya ku Joniko akakhala bwanji.

Loweruka, 10 Ogasiti

Ndaputa mavuto. A Mariya andifunsa kuti chitenje chakale cholimba chonchi ndachipeza kuti. Nditanena, asiya kupalasa makina. Iwo ndi Akatolika, kwawo ndi ku Mozambique, koma mwambo wathu akuudziwa kuposa ine mwini wake: zovala za malemu sizikhudzidwa mpaka arubaini, sadaka ya masiku makumi anayi, pomwe akuluakulu amazigawa. Mutu wangawu unkati mwambowo ndi wa zovala za musutikesi, osati kachitenje ka pamsomali.

Arubaini ndi Lachisanu likubwerali. Ogawa ndi mayi aakulu, Abiti Shaibu a ku Namwera, munthu woti anasiya kulonjera mlamu wake chifukwa cha mbale yosweka. Akakwiya alanda chikwamacho, Shakila apite wopanda kalikonse ka amayi. Ndikuopa zedi.

Lolemba, 12 Ogasiti

Nsalu yodula sibwerera, ndangopitiriza. Zipi yagona tsopano, alihamdulila. Mkati ndasokeramo kathumba ka pasipoti. Koma nsalu ya lamba palibe, nkhanga zozondoka zija zinadya nsalu yonse. A Mariya akuti ndigule lamba wakuda wa nayiloni. Ndakana, chioneka ngati cha mwana wa sukulu.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Abiti Shaibu afika pa kabaza, akukalipira wanjinga kuti amawalowetsa m'maenje dala. Asanakhale n'komwe pansi, maso awo kuseri kwa chitseko. Msomali uli wokha. Angokhala pamkeka n'kupempha madzi. Bola akanakalipa.

Mpunga tapeta, mbuzi yafika. Chikwama ndabisa pansi pa matiresi.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Ashehe atamaliza duwa, anthu atadya n'kubalalika, azimayi tinalowa kuchipinda cha amayi. Abiti Shaibu anatsegula sutikesi, anagawa zonse modekha, mpango uwu kwa uje, diresi iyi kwa uje. Kenako anandiyang'ana.

"Hidaya, cha nkhanga chili kuti?"

Ndinakatenga chikwama chija, ndinagwada, ndinanena zonse. Shakila anangogwira pakamwa, misozi chuchuchu.

Mayi aakulu anachitembenuza uku ndi uku, anakoka zipi, anati msoko wanga wakhota ngati msewu wa ku Makanjira. Palibe anaseka. Kenako anatsegula chikwama chawo n'kutulutsa chitenje china, cha buluu, nkhanga zomwezo.

"Tinagula nsalu imodzi ndi mayi ako, tinadulana pakati," anatero. "Ndinabwera nacho changachi kuti ndichisiye kuno, ine ndipite ndi cha fungo la mng'ono wanga."

Ine ndimangoganiza za mng'ono wanga, osakumbuka kuti nawonso aluza wawo. Anaika chikwama cha Shakila chija pamphuno nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka. Atapukuta maso, mawu awo akale anabwerera. Anafunsa kuti lamba ali kuti, kapena ndikufuna mwana akachisenze pamutu ku Joni? Ndinati nsalu inatha chifukwa mbali ina ndinadula mozondoka.

"Chozondokacho unataya?"

Ndinati ayi, chilipo. Anandituma ndikachitenge. Pobwera ndinapeza aluma m'mphepete mwa chitenje chawo, akung'amba mzere wautali, kweee. Anandiponyera pamiyendo kuti ndiye lambayo. Chidutswa chozondoka chija anachilandira ndi manja awiri, anachipinda bwinobwino n'kuchilowetsa m'bulauzi.

Loweruka, 17 Ogasiti

Shakila wagona atakumbatira chikwama chopanda lamba. Mayi aakulu andidzutsa okha, avala kale, ali pakhonde akundidikira. Akuti tipitire limodzi kwa a Mariya, akaime pambali panga, ndingawazondotserenso nkhanga zawo.